Tsiku Limene Ananditulutsa mu Msonkhano Wake

Ndinafika ku Doha ndili ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri, ana anga awiri nditawasiya ndi mayi anga ku Ntaja. Ejenti amene ananditumiza anati ndikukagwira ntchito ya m'nyumba, kuchapa ndi kukolopa basi. Za mtsikana woyenda pa njinga ya olumala sananene. Ndinakamuona ndekha tsiku loyamba, m'fulati ya pansanjika yachinayi ku Bin Mahmoud, atakhala pafupi ndi windo, mutu utapendekera kumanzere, akundiyang'ana kuchokera ku masilipasi mpaka kumpango.

Banjalo linali lochokera ku Sudan. Bambo ake, amene ndinkawatchula kuti bwana, anali injiniya pa kampani ina ya zomangamanga. Mayi ake, madamu, anali nesi pa chipatala china chaching'ono. Mwana anali yekhayu, wa zaka khumi ndi zinayi panthawiyo. Anabadwa movutikira, mpweya unachedwa kufika ku ubongo, motero miyendo yake inali youma ngati nkhuni, dzanja lamanja lopindika, lamanzere lokha ndilo linkamumvera pang'ono. Mutu unali bwinobwino. Vuto linali pakamwa. Liwu lililonse ankachita kulikoka ngati ndowa ya m'chitsime chakuya, ndipo anthu ambiri ankatopa ndowayo isanafike pamwamba.

Ankanditchula kuti khala. M'Chiarabu amatero poitana mchemwali wa mayi ako. Ine ndinkaseka chamumtima, poti kwathu ndi mawu ouza munthu kuti akhale pansi, pamene m'nyumba imeneyo kukhala pansi ndinkakuona mwa apo ndi apo.

Chaka chisanathe ndinali nditaphunzira kumumva. Tinkalankhulana m'Chingelezi changa cha Fomu 2 chosakaniza ndi Chiarabu chotola. Akangotsegula pakamwa, ine ndinali nditadziwa kale kumene akupita, n'kumumalizira. Alendo, madokotala, ngakhale bambo ake omubereka, ankatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti, "Akuti chiyani?" Ine n'kuyankha. Sindibisa, zinkandikoma. M'dziko limene wantchito wa m'nyumba amaoneka ngati mpando, ine ndinali ndi luso limene injiniya analibe.

Mtsikanayu ankaphunzira pa sukulu ina ya ana aulumali wosiyanasiyana. Kawiri pa chaka kunkakhala msonkhano wokonza dongosolo la maphunziro ake: zoti aphunzire, mafizo oti azichita, zoti akhale atakwanitsa pofika kumapeto kwa teremu. Makolo ndi aphunzitsi ankalowa mu ofesi n'kutseka chitseko. Ine ndi mwini wake nkhaniyo tinkadikira panja, ine ndikumupukuta malovu, tonse tikuyang'ana zithunzi zomatidwa pakhoma. Akatuluka, madamu ankamusisita kumutu n'kunena kuti zonse zayenda bwino.

Kenako kunagwa korona, iye ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Sukulu zinatsekedwa, sitima ya metro inaima. Madamu anayamba kugwira mashifiti aatali, ndipo poopa kubweretsa matenda anasiyiratu kumukhudza mwana wawo. Ankalankhula naye ataima pakhomo, masiki ali kukamwa. Mafizo anaima. Ndinkayesa kumuwongola miyendo monga ndinkaonera kusukulu, koma inkangoumirabe. Miyezi isanu iye sanatsikepo pansi. Kunja dzuwa likuwotcha ngati ng'anjo, m'nyumba eyakoni ikungolira usana wonse. Tsiku langa lopuma, limene kale ndinkalipeza kawiri pamwezi, linangotha popanda wolengeza.

M'mwezi wa Ramadani anayamba kulira ndikamamunyamula kupita naye kubafa. Madamu anatikonzera dokotala wa pafoni ya vidiyo. Dokotalayo anafunsa kuti vuto n'chiyani. Mtsikanayo anayamba kukoka liwu, khosi litauma, milomo ikunjenjemera. Dokotala anayang'ana wotchi yake. Ine ndinalowererapo.

"Akuti watopa, sakugona bwino chifukwa chosatuluka panja."

Anamulembera mankhwala ogonetsa. Mtsikanayo anatsinzina, ndipo ine ndinati wavomera.

Pageti la nyumba yathuyo panali mlonda wachikulire wa ku Dedza. Tinkacheza pang'ono ndikatsika kukataya zinyalala. Tsiku lina, kutentha kutayamba kuchepa, anandiimitsa.

"Achemwali, mwamva? Lamulo achenja. Pano mutha kutransifa kupita ku ntchito ina popanda kalata ya sponsa, bwana wanuyo. Mungopereka notisi, khalasi, nkhani yatha. Makampani a m'mahotela akufuna makilina, ofu sabata iliyonse."

"Nanga mwana uja, achimwene? Popanda ine palibe angamumve."

"Kodi inu ndinu mayi ake?"

Ndinakwera masitepe nditakwiya. Pasipoti yanga inali m'dirowa ya madamu chifikireni, koma sindinkaiganizira n'komwe. Ndinkadziona ngati mzati wa nyumba imeneyo.

Masiku omwewo, pa kalasi ya pa tabuleti, mphunzitsi wake anabwera ndi nkhani yatsopano. Anali mayi wa ku India wa imvi zambiri, wolankhula mosathamanga.

"Chaka chino sukulu yasintha," anatero. "Ana akuluakulu muzitsogolera nokha misonkhano yanu. Wapampando ndiwe. Uitana anthu ndiwe, utsegula ndiwe, utseka ndiwe. Ife tidzabwera kudzamva."

Mtsikanayo anaseka mpaka kutsamwa. Ndinamumenya pamsana, ndikuganiza kuti ndi zamasewera zimene sukulu zimachita pofuna kusangalatsa makolo.

Iye sanazitenge ngati masewera. Masabata atatu ankalemba pa tabuleti ndi kachala kamodzi kopinda ka dzanja lamanzere, chilembo chimodzi, kupuma, china. Tabuletiyo inkatha kuwerenga yokha zolembedwa ndi mawu a makina, koma anakana. Anati zolembazo zizioneka pa sikirini, koma anthu amve mawu ake enieni. Masamba atatu ndinawaona, ndinamuthandizanso kukonza masipelo. Akafika pa tsamba lachinayi ankandituma kukhitchini. Ndinkaganiza kuti akulemba zondithokoza.

Msonkhanowo unali Lachiwiri, teni koloko m'mawa, pa kompyuta. Ndinamuveka diresi lake lobiriwira ndi mpango woyera. Pa sikirini panaoneka timabokosi: mphunzitsi uja, ahedi, mayi wa mafizo, ndi bwana, amene analowa pafoni atakhala m'galimoto. Madamu anakhala kumapeto kwa tebulo, patali, maso ali psuu chifukwa anali atangoweruka kumene. Ine ndinaima kumbuyo kwa njinga, kansalu kopukutira kali m'manja, monga mwa masiku onse.

"Takulandirani," anatero mtsikanayo. Anapuma, n'kumeza. "Ku msonkhano... wanga."

Mfundo yoyamba inali ya mabuku opaka utoto. Anati ali ndi zaka sikisitini, koma kuyambira ali wamng'ono akumupatsabe ngamila yomweyo kuti aziipaka makrayoni. Ankafuna masamu enieni ndi maphunziro a kompyuta. Ahedi anaseka pang'ono, kenako ataona kuti wapampando sakuseka, anaweramira pansi n'kulemba. Mfundo yachiwiri inali yoti sukulu imubwereke njinga yamagetsi, yoti aziyendetsa yekha. Yachitatu inali yoti aphunzitsidwe kukwera metro kuchokera pa siteshoni yapafupi ndi kwathu mpaka kusukulu.

"Zimenezo n'zosatheka," anatero bwana m'kabokosi kawo. "Inishaala m'tsogolo. Tipitirire."

"Pepani bambo," anayankha mphunzitsi uja mofatsa, "wapampando sanakupatseni mpata."

Mtsikanayo anayambiranso. Koma liwu lina linamukanirira pakhosi. Anakoka, nkhope inafiira, mwendo unayamba kugunda chitsulo cha njinga. Onse pa sikirini anali chete. Ine chete ameneyo ankandiyabwa thupi lonse.

"Akuti akufuna munthu womuperekeza," ndinatero.

Anamenya thabwa la panjinga yake ndi dzanja lamanzere, mpaka kapu ya madzi inagwa.

"Khala. Ayi."

Anatenga nthawi, koma anafotokoza yekha. Sankafuna womuperekeza. Ankafuna kuti wina azimutsatira patali, osagwira njinga, osamulankhulira pa geti la siteshoni. Kenako anakhudza tabuleti, tsamba lachinayi n'kuonekera. Ndinaliwerenga ndili kumbuyo kwake, ndipo ndinalimaliza iye asanafike pakati pa mzere woyamba. Ndinayenera kuima pomwepo, kumva mawu omwewo akutuluka limodzilimodzi.

"Anthu amandimalizira mawu. Amalakwitsa. Ndimavomera chifukwa kukana kumafuna mawu enanso ambiri, ndipo ndimakhala nditatopa kale. Khala ndiwo amalakwitsa kwambiri, chifukwa ndiwo amachita kawirikawiri. Ndimawakonda. Koma m'mwezi wa Ramadani sindinanene kuti ndatopa. Ndinkanena kuti m'chiuno mukundipweteka. Mukupwetekabe."

Madamu anaimirira, mpando unagwa kumbuyo kwawo. Mayi wa mafizo anayandikira kamera n'kufunsa kuti mbali iti, kuyambira liti. Pakamwa panga panatseguka pokha kuti ndiyankhe, ngakhale yankho ndinalibe. Mtsikanayo anapotoza khosi mpaka anandipeza ndi diso limodzi.

"Khala, tulukani. Ndimalize ndekha."

Ndinapita kukhitchini. Ndinaima pa sinki, kansalu kaja kali m'manja, osatsegula mpopi kuti ndizimva. Chimene ndinkamva kwambiri chinali chete. Iye akakakamira pa liwu, palibe ankamuthamangira. Mphunzitsi uja ankadikira, ndipo ena ankaopa kumudutsa. Pakati pake ndinamva bwana akuti, "Khalasi, ine ndili pa ntchito," n'kudula foni. Msonkhanowo unapitirira popanda iwo, ndipo unatenga pafupifupi maola awiri. Pomaliza mphunzitsiyo anawerenga zonse zimene anagwirizana, mtsikanayo anakonza mawu awiri, kenako anatseka msonkhano wake.

Zimene ndinachita pambuyo pake ndimachita nazo manyazi mpaka lero. Masiku anayi ndinamulanga. Ndinkamusambitsa, kumudyetsa, kumutembenuza pabedi, zonse mwa nthawi yake, koma osaseka naye. Akayamba kulankhula ndinkapinda manja n'kuyang'ana kukhoma, ngakhale ndikuona kuti akungofuna madzi.

"Si wati uzimaliza wekha? Maliza."

Ankamaliza. Sanalirepo, sanapepese.

Tsiku lachisanu masana, nditangomaliza kuswali, anandiitana n'kundiuza kuti nditseke chitseko. Tinali awiriwiri m'nyumba monse, koma ndinatseka. Ndinakhala pamphepete pa bedi lake. Ulendo uno ndinadikira osati pomulanga, koma chifukwa sindinkadziwa kumene akupita.

"Baba... awachotsa ntchito."

Anandifotokozera kuti zinali zitachitika miyezi iwiri m'mbuyomo. Kampani inachepetsa anthu chifukwa cha mliri. Bwana ankavala bwinobwino m'mawa uliwonse, kutuluka, kukazungulira m'maofesi ndi mapepala, kenako kukakhala m'galimoto mpaka nthawi yoweruka. Mapepala a banja lonse okhalira m'dzikomo anali omangirira pa ntchito yawoyo. Akapanda kupeza ina, ankayenera kubwerera kwawo chaka chisanathe. Makolo akewo ankakambirana zimenezi m'Chiarabu iye ali pomwepo, ngati akulankhula pafupi ndi kabati.

"Ndiye unkadziwa kuti mukupita," ndinatero. "Nanga msonkhano uja unavutikiranji?"

"Ndinkafuna... zilembedwe. Pepala... lonena ine. Ndikalionetse... kwathu."

Anapuma nthawi yaitali. Malovu anatsikira pachibwano, ndipo ndinamufunsa kaye ndisanamupukute, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo.

"Inu... pezani ntchito. Pano. Zoti tikupita... akuuzani... sabata yomaliza."

Ndinalira ine, munthu wamkulu, mayi wa ana awiri. Ndinamupepesa za chiuno chija. Sananene kuti wandikhululukira, ndipo sindinamukakamize. Anangoika dzanja lake lamanzere pa bondo langa, lolemera ngati mwala.

Lachisanu lotsatira, pa chakudya chamasana, makolo ake onse ali pa tebulo, anayamba kulankhula ndi mayi ake. Bwana anayang'ana kwa ine monga mwa chizolowezi. Ine ndinayang'ana m'mbale. Anayenera kumvetsera okha, mpunga ukuzizira, mpaka chiganizo chinatha: awabwezere khala pasipoti yawo. Madamu analowa kuchipinda, n'kubwera nayo. Anaiika pafupi ndi mbale yanga osandiyang'ana. Bwana anadziwa pomwepo kuti mwana wawo ankamva zonse. Anadzuka n'kukaima pa windo, msana atatilozetsa.

Mayi wa mafizo uja anakonza zoti akamujambule. Chithunzi chinaonetsa kuti fupa la ntchafu yamanja linali litaguluka pamalo pake m'chiuno. Dokotala anati zikanaoneka msanga akanayesa njira zina, koma tsopano pankafunika opaleshoni. Anthu odikira maopaleshoni anali ataunjikana chifukwa cha korona, ndipo tsiku limene anatipatsa linali kutsogolo kwa tsiku la ndege yawo. Ndinkadikira kuti madamu andikalipire, mwina ndikanapepukidwa. M'galimoto pobwerera anangoti, "Ine ndine nesi. Miyezi yonseyi sindinamufunse."

Zina mwa zimene analamula mu msonkhano wake zinachitika. Buku la masamu linabwera, ndipo analigwira ngati munthu wanjala, mpaka kachala kaja kanatupa. Njinga yamagetsi inabweranso. Masiku oyamba ankagunda makoma, anathyola mwendo wa katebulo ka pabalaza, ine ndikudzigwira manja kumbuyo kuti ndisaigwire. Tsiku lina analowa yekha mu lifiti n'kutsika mpaka pageti, ine ndikutsika masitepe. Ndinamupeza akupereka moni kwa mlonda uja, bamboyo atavula chipewa, atawerama, akudikira moniyo kuti athe. Koma za metro sizinatheke. Sitima inali itayambanso kuyenda, koma madokotala anati munthu wa thupi ngati lake asalowe m'chigulu. Njingayo anakhala nayo masabata asanu, kenako galimoto ya sukulu inabwera kudzaitenga, iye n'kubwerera pa yakale yokankha.

Mlonda uja ndiye anandithandiza kuapulaya pafoni yake. "Musaope achemwali, dinani apa, sabumiti." Ndinapeza ntchito ya ukilina pa hotela ina, ndi bedi la pamwamba m'chipinda cha azimayi asanu ndi mmodzi ku Al Mansoura. Notisi yanga inatha sabata yomwe iwo ankanyamuka.

Tsiku lonyamuka linali la fumbi, kumwamba kuli mbuu. Masutikesi anadzaza takisi yaikulu. Pepala la msonkhano lija, losainidwa ndi ahedi ndi aphunzitsi, iye atasindikizapo chala chake pamalo a wapampando, analiika m'pulasitiki n'kulipanira pansi pa lamba wa njinga. Ndinagwada patsogolo pake pamsewu kuti nditsanzike. Anayamba kundiuza kanthu. Anali atavala masiki, galimoto zikudutsa, ndipo ululu wa m'chiuno unali utamuumitsa nsagwada. Sindinamve.

"Bwereza," ndinatero.

Anabwereza. Sindinamvebe. Kale ndikanangoganizira, n'kuyankha kuti inenso ndidzakusowa, iye n'kutsinzina. Ndinamutsitsa masiki n'kuyandikiza khutu. Anayamba kachitatu, ndipo anali atafika pa liwu lachiwiri pamene dalaivala analiza hutala.

"Yala, yala, tiyeni, ndege sidikira," anatero bwana. Anamunyamula m'manja, iye akukuwa ndi ululu, n'kumuika pampando wakumbuyo. Chitseko chinatsekedwa. Pa galasi ndinaona milomo yake ikuyendabe.

Miyezi yoyamba ankanditumizira timauthenga pafoni, mawu atatu kapena anayi. Ndinamufunsa chimene ankanena pamsewu paja, koma funso limenelo sanaliyankhe. Anandiuza kuti akukhala kwa agogo ake, m'nyumba ya masitepe yopanda lifiti. Pepala lija mayi ake anakalionetsa m'sukulu zitatu. Kwina analiwerenga, n'kuyamikira kuti n'lolembedwa bwino, koma anati alibe malo a mwana wotere. Opaleshoni ankangoisuntha. Uthenga wina unati buku la masamu lija walimaliza, ndipo walibwereza kuyambira poyamba chifukwa lina palibe.

Kenako mauthenga anayamba kutalikirana. Inenso ndinali ndi zipinda khumi ndi zinayi zoyala pa shifiti, ndinkafika ku Al Mansoura miyendo itatupa, n'kumati ndimulembera mawa. Ulendo womaliza umene ndinaimba anayankha madamu. Anati ali bwino, wagona, kukhala pa njinga kukumuvuta masiku ano ndiye nthawi zambiri amakhala pabedi. Ndinapempha kuti amuike pafoni akadzuka. Anati inishaala.

Patapita zaka ziwiri kwawoko kunabuka nkhondo. Ndinaona pa TV ya m'chipinda chimene ndinkakolopa, anthu akuthawa wapansi kuchoka mu mzinda wawo, akatundu pamutu. Ndinaima ndi mopu m'manja, ndikuganiza za masitepe aja. Nditaweruka ndinaimba nambala yake, kenako ya madamu, kenako ya bwana. Zonse zitatu sizinalowe, ndipo sizinalowenso kuyambira tsiku limenelo.